Galu wa nyamakazi amene akumwa levothyroxine

Mayi, mwafunsa ngati galu wanu, amene akumwa levothyroxine chifukwa chithokomiro chake chinafooka, angalandirenso mankhwala a nyamakazi. Inde, agalu ambiri amamwa zonse ziwiri. Madokotala a ziweto amakonda kupereka carprofen kapena meloxicam, koma ayambe amuyeza magazi kuti aone impso ndi chiwindi.

Chonde musamupatse Brufen kapena diclofenac wa m'kabati mwanu. Amaboola m'mimba mwa galu ndi kuwononga impso. Ngati akumwa kale prednisolone, muwauze adokotala asanalembe china, chifukwa kuphatikiza prednisolone ndi carprofen kapena meloxicam kumabweretsa zilonda za m'mimba. Prednisolone yemweyo, komanso Bactrim, amatsitsa T4 (homoni ya chithokomiro) poyeza magazi, ndiye zotsatira zingakupusitseni.

Galu wanga atayamba meloxicam, ndinkayang'ana chimbudzi chake m'mawa uliwonse. Chikada ngati phula, akasanza kapena akakana chakudya, lekani mankhwala a ululuwo ndipo imbani foni kwa adokotala tsiku lomwelo. Levothyroxine yekha musamulekeze, mupatseni nthawi yofanana tsiku lililonse. Chithokomiro chikakhazikika amayamba kuchepa thupi, ndipo mawondo amapepukidwa.