Mipando ya eni nthaka ku Nyumba ya Malamulo

Achemwali, mwafunsa kuti kafukufuku wanu wa kusukuluyu mumuyambire pati, wa m'mene mitundu ija atsamunda anaipeza kale m'dziko imaimiridwira ku palamenti. Ine ndingati yambani ndi New Zealand. Amaori anapatsidwa mipando inayi mu 1867, inayi basi, ndipo zinakhala choncho mpaka 1996 pomwe anasintha kavotedwe, pano ilipo 7. Chimandisangalatsa nchakuti Mmaori amasankha yekha kuti dzina lake lilowe m'kaundula wa Amaori kapena wa aliyense, ndiye akachuluka olembetsa kwawoko mipando nayo imakwera.

Koma pomwe ofufuza amakanganirana kwambiri ndi apa: kupatsidwa mpando sikuti wamveka ayi. Hanna Pitkin, katswiri wa maphunziro a ndale, analemba kale mu 1967 kusiyanitsa phungu wofanana nanu mtundu ndi chilankhulo, ndi phungu womenyeradi zofuna zanu. Ife a kuno ku Mchinji izi sitichita kuuzidwa, phungu amakhala mwana wa m'mudzi momwemuno, pamaliro timakhala naye limodzi, pepani pepani, koma akangofika ku Lilongwe amavota zomwe chipani chanena, za mtengo wa soya ndi mtedza zii, mpaka kampeni ina. Ndiye taganizani ku Burundi komwe Atwa anawasungira mipando itatu, anthu atatu angagwetse bilu? Norway inadzera kwina, eni nthaka a kumeneko otchedwa Asami ali ndi nyumba ya malamulo yawoyawo ku Karasjok kuyambira 1989, komabe malamulo akuluakulu amapangidwa ku Oslo. Ku Australia ndiye anakaniratu pa riferendamu ya 2023, ngakhale inali ya bungwe la eni nthaka longolangiza boma chabe.

Chokhacho chenjerani, musazitengere kuno nkumalemba kuti Achewa ndiwo eni nthaka, Angoni a kwa Mlonyeni ndi obwera, aphunzitsi anu akubwezerani pepalalo. Nawonso Achewa anapezamo Akafula m'dziko muno, kungoti sitikonda kuzinena. Ngati mukufuna mutu wa kwathu konkuno, fufuzani za Seneti, nyumba yachiwiri ya malamulo. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994 anali nayo, momwe mafumu amayenera kukhala ndi mipando, koma aphungu anaichotsa mu 2001 isanakumanepo ndi tsiku limodzi lomwe. Mukapeza Hansard ya nthawi imeneyo, buku la zomwe aphungu amalankhula m'Nyumba ya Malamulo, muwerenge zifukwa zomwe ankapereka, mutiuzekonso muno.