Yankho kwa achemwali amene mwafunsa za khofi ndi BP ya bambo anu

Achemwali, mwati bambo anu ali pa mankhwala a BP ndipo anthu akukuopsezani kuti khofi amene amamwa m'mawa awathera mtima. Musawalande kapu yawoyo. Ngati ndi imodzi kapena ziwiri patsiku, BP n'kumamvera mankhwala, palibe chochititsa mantha.

Mu khofi muli caffeine, mankhwala ochangamutsa thupi. Munthu akamwa, BP imakwerako pang'ono kwa maola angapo kenako n'kubwerera, ndipo kwa amene anazolowera kumwa tsiku ndi tsiku kukwerako kumachepa. Mu 2015 bungwe loona za chitetezo cha zakudya ku Ulaya la European Food Safety Authority linanena kuti munthu wamkulu wabwinobwino atha kumwa caffeine wofika 400 mg patsiku, kutanthauza makapu pafupifupi 4 a khofi weniweni ngati wa Mzuzu Coffee. Koma poti bambo ali kale ndi vuto, asafike pamenepo. Ngati amamwa Ricoffy, ameneyo ndi wosakaniza ndi mizu ya chomera chotchedwa chicory, caffeine wake ndi wocheperapo.

Matupi amasiyana, ndiye yesani. Bwerekani kamakina ka BP, muwayeze asanamwe, muwayezenso pakatha ola limodzi, mulembe manambala onse m'buku lawo la kuchipatala kuti adokotala akaone okha. Tsiku lokatenga mankhwala asamwe khofi atatsala pang'ono kuyezedwa, angawonjezeredwe mapiritsi chifukwa cha nambala yonama. Madzulonso ayi, caffeine amakhalitsa m'thupi, ndipo ndi kutentha kwathu kuno kwa Okutobala tulo timavuta kale.

Ine chimene chimandidetsa nkhawa si khofiyo ayi, koma mchere. Kafukufuku wa zaumoyo wotchedwa STEPS wa 2009 anapeza kuti mwa akuluakulu atatu alionse m'Malawi, mmodzi ali ndi BP yokwera, pomwe ambiri a ife timamwa tiyi, khofi timangomuonera m'sitolo. Taonani mmene timaphikira usipa: mchere mumphika, timakyubu tokometsera pamwamba, ndiye pakudya bambo aitanitsanso kambale ka mchere asanalawe n'komwe. A bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati munthu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikiza zakudya zonse kuyambira m'mawa mpaka usiku. Muwerengenso masupuni a shuga amene akulowa m'kapumo. Ngati amasuta fodya, yambirani pamenepo, za khofi zibwere pambuyo.

Kwa anyamata a kabaza ndi asodzi, ma energy drink amene mumagugudiza kuti mugwire ntchito usiku wonse aja alinso ndi caffeine ndi shuga wambiri, musamadzinamize kuti simumwa khofi.

Bambo akamamva mtima kugunda mosalongosoka akamwa, achepetse kapena asiye pang'onopang'ono, chifukwa kusiya mwadzidzidzi kumapweteketsa mutu. Koma akamva kupweteka pachifuwa, kubanika, kukamwa kupotoka kapena dzanja kufooka, thamangani nawo ku Mangochi District Hospital nthawi yomweyo, osadikira kuche. Mankhwala a BP asadumphitse, ngakhale tsiku limene akumva bwino.