Phimbani mawu, muone ngati zithunzi zikulankhula: yankho kwa mayi wa ana awiri

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe. Dzina lawo sinditchula, koma funso lawo ndaliika pano mwachidule poti ndikudziwa kuti sali okha. Akuti: "Ndili ndi ana awiri, wina wa zaka zitatu, wina wa zaka 6. Ndinawagulira mabuku a zithunzi asanu kwa anyamata ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu, onse a Chingerezi. Wamng'onoyo ndikangowerenga masamba awiri amadzuka n'kumapita, ndipo buku limodzi waling'amba kale. Wamkuluyo amangofuna buku limodzimodzi tsiku ndi tsiku. Bambo awo akuti ndikungotaya ndalama, bola kugula buku la a e i o u. Kodi buku labwino la ana ndingalizindikire bwanji, nanga a Chichewa amapezeka kuti?"

Mayi, zikomo pondilembera. Mtima m'malo kaye: pa zonse mwafotokozazi, palibe chimene chavuta ndi anawo. Wodzukayo akungochita za msinkhu wake, ndipo wokakamira buku limodziyo ndiye ali panjira yabwino kwambiri. Chimene ndikuchikayikira ndi kawerengedwe kanu, ndipo ndikutero mopanda mwano, chifukwa nane ndinagwa m'mbuna yomweyo.

Mwana wanga wachisamba ali ndi zaka zitatu, ndinkamukhazika pamiyendo n'kumawerenga ngati muulutsi wa mauthenga achisoni pa wailesi. Chala changa pamzere wa mawu, maso anga pamawu, liwu limodzimodzi kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Akafuna kulankhula ndinkati, "Dikira kaye timalize." Tsiku lina anandigwira dzanja n'kulikokera kumunsi kwa tsamba, pakona, nati, "Nkhuku yaba!" Kuyang'anitsitsa, palidi kankhuku kakujompha chimanga cha pamphasa, eni ake akukangana chapakati pa chithunzi. Tinabwerera kumayambiriro, ndipo kankhukuko kanali pa tsamba lililonse: apa kakusuzumira pakhomo, apo kali pansi pa nkhokwe, kumapeto kakhuta mpaka kulephera kuyenda. Mawu a m'bukumo sanakatchule ngakhale kamodzi. Buku limenelo ndinali nditaliwerenga mwina kakhumi osakaona. Ine ndinkawerenga nkhani ya wolemba, mwana ankawerenga nkhani ya wojambula, ndipo yakeyo ndiyo inali yoseketsa.

Ndiye mukafika pamene akugulitsa mabuku, chitani ichi. Tsegulani buku, phimbani mawu ndi chikhatho, ndipo vundukulani masamba mukuyang'ana zithunzi zokha. Ngati mukutha kutsata kuti uyu wakwiya, uyu wachita mantha, apa zinthu zasokonekera, apa zakonzeka, bukulo ligulani. Ngati zithunzizo zangokhala zokongoletsa, mwana yemweyo ataima chilili akumwetulira tsamba ndi tsamba, libwezereni pamulu, ngakhale mitundu yake iwale chotani. Yang'ananinso nkhope za anthu ndi nyama. Wojambula waluso amatha kukuuzani kuti fisi akunama pongopendeketsa diso lake. Mwana wosadziwa chilembo n'chimodzi chomwe amaliona disolo msanga kuposa inu, ndipo amasangalala kuti wadziwa chinthu chimene kalulu wa m'nkhaniyo sanachidziwebe.

Chachiwiri, muone pothera pa tsamba. Mabuku ambiri a zithunzi amakhala ndi masamba 32 okha, chifukwa cha momwe mapepala akuluakulu amapindidwira posindikiza, choncho olemba odziwa ntchito yawo samwaza malo. Amaonetsetsa kuti tsamba likamatha, mwana atsale ndi funso lakuti, "Kenako?" Chitseko chayamba kutseguka, mchira wa chinachake ukuonekera kuseri kwa mtengo. Pamenepo musathamangire kutembenuza. Imani, funsani kuti, "Ukuganiza kuti ndani ameneyu?" ndipo mulekeni atembenuze yekha. Mwana wa zaka zitatu amene ali ndi ntchito yotembenuza tsamba sadzuka msanga. Akadzukabe, msiyeni apite. Mphindi zisanu zokoma zakwana, mawa kulinso tsiku.

Kunena zoona, zimenezi si zachilendo kwa ife. Agogo athu akati "Padangokhala," tonse tinkayankha kuti "Tili tonse," ndipo tinkayankhabe mpaka nthano kutha. Pakati pa nthano pankakhala nyimbo, iwo kutsogolera, ife kuvomera. Nthano ya kalulu ndi njovu tinaimva kangati? Palibe ankadandaula kuti yabwerezedwa, m'malo mwake tinkawakonza agogowo akadumpha pena. Wanu wa zaka 6 uja akuchita zomwezo ndi buku lake. Ulendo woyamba amamva nkhani, wachiwiri amayembekezera malo amene amawakonda, wachisanu wayamba kuloweza, ndipo tsiku lina mudzamupeza akuliwerengera mng'ono wake kuchokera pamtima, chala chili pamawu. Posakhalitsa adzazindikira kuti mawu amene amatchula aja ndi omwe alembedwa pamene pali chalapo. Mukatopa nalo bukulo, ndipo mudzatopadi, lakwitsani dala. Nenani kuti mbuzi pamene pali galu, muone mmene akudzudzulireni. N'chifukwa chake mabuku okhala ndi mawu obwerezabwereza, ofanana ndi kuvomera nyimbo, ndimawaika patsogolo kwa ana a misinkhu imeneyi.

Za Chingerezi musade nazo nkhawa kwambiri. Palibe lamulo lakuti muwerenge zimene zalembedwazo liwu ndi liwu. Kwa wamng'onoyo, simbani nkhaniyo m'Chichewa mukuloza zithunzi, kaya m'chilankhulo chilichonse chimene mumayankhula pakhomo panu. Kwa wamkuluyo mutha kuwerenga mzere wa Chingerezi kenako n'kucheza naye m'Chichewa za zimene zachitika. Chimene sindigwirizana nacho ndi chakuti mabuku onse asanu akhale a chipale chofewa, zimbalangondo ndi ana ovala majekete. Buku limodzi kapena awiri otere ndi abwino, mwana adziwe kuti dziko ndi lalikulu. Koma akamakula osaonapo m'buku mayi wovala chitenje, mbaula, njinga ya kabaza kapena mtengo wa mango wonga wa kuseri kwa nyumba yawo, amayamba kuganiza kuti za m'mabuku zimachitikira ana a kwina.

Lilipo buku lina la Chingerezi limene nkhani yake imachitikira kuno ku Malawi, mutu wake ndi Galimoto. Analemba ndi Karen Lynn Williams, amene anakhalapo m'dziko muno, zithunzi anajambula ndi Catherine Stock, ndipo linatuluka mu 1990. Ndi nkhani ya mnyamata wotchedwa Kondi amene akuyendayenda kusaka mawaya oti apangire galimoto yake. Mukadzalipeza pamulu wa mabuku akale musalisiye. Kuipa kwake n'kumodzi: mukamaliza kuwerenga, bisani mawaya oyanikira zovala.

Tsopano za bambo a kunyumbako. Musakangane nawo, chifukwa mbali ina akunena zoona. Mwana wa zaka 6 ndi wa Sitandade 1, ndipo malembo ndi maphatikizo ayenera kuwadziwa. Mwayi wake, Chichewa chimalembedwa pafupifupi momwe chimatchulidwira, moti mwana akagwira ba be bi bo bu ndi anzake amayamba kulumikiza mawu mosavuta. Koma kutchula mawu ndi kumva nkhani ndi zinthu ziwiri. Alipo ana amene amawerenga ndime yonse mosadodoma, koma ukawafunsa kuti wathawa ndani ndipo wathawiranji, amangokuyang'ana. Buku la a e i o u limaphunzitsa kutchula. Kufunsa kuti "chifukwa chiyani" ndi "kenako" mwana amakuphunzira pa nkhani, ndipo kusukulu, kumene mphunzitsi mmodzi amakhala ndi chikhamu cha ana m'kalasi, nthawi yocheza ndi mwana mmodzi pa chithunzi chimodzi sipezeka.

Muwakumbutsenso za William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu. Pa njala ya mu 2001 ndi 2002 anasiya sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi, n'kumakabwereka mabuku ku kalaibulale kakang'ono ka pasukulu ya pulayimale. Chingerezi cha m'mabuku a sayansiwo chinkamuvuta, ndiye ankatsata zithunzi ndi zojambula, n'kumafufuza mawu amene aikidwa pambali pake. Mapeto ake, ali ndi zaka 14, anaimika makina a mphepo opanga magetsi pakhomo pa makolo ake, pogwiritsa ntchito mitengo ya bulugama, njinga yakutha ndi zitsulo zotola. Nkhani yakeyo inatulukanso ngati buku la zithunzi la ana mu 2012, lojambulidwa ndi Elizabeth Zunon. Sindikuti mwana aliyense woyang'ana zithunzi adzapanga magetsi ayi, koma aliyense wonena kuti kuona zithunzi n'kusewera chabe ayambe wamva zimenezi. Ndipo njira yachidule yowakopera bambowo ndi kuwapatsa mbali. Auzeni kuti liwu la mkango likufunika la mwamuna. Ndaona abambo aulemu wawo akubangula pakhonde mpaka aneba kusuzumira.

Kumene mungapeze a Chichewa, ndiyambe ndi kumene simulipira zambiri. Pitani ku National Library Service, poti likulu lake lili mu Lilongwe momwemo, ndipo nthambi zake zili m'mizinda ina monga Blantyre ndi Mzuzu. Funsani mbali ya ana, komanso funsani timabuku totchedwa Werengani timene bungweli lakhala likusindikiza. Tengani anawo, asankhe okha. Adzasankha zimene inu simukanasankha, ndipo musawaletse.

Ngati muli ndi foni ya intaneti, fufuzani African Storybook. Ntchito imeneyi anaiyambitsa ndi a bungwe la Saide la ku South Africa, ndipo tsamba lake lakhala likugwira ntchito kuyambira mu 2014. Muli nkhani za zithunzi m'zilankhulo zambiri za mu Africa, zaulere, zololedwa kukopera ndi kusindikiza. Posankha chilankhulo yang'anani Chichewa, komanso Chinyanja. Chenjezo langa ndi lakuti muyambe mwawerenga nokha musanamupatse mwana. Zina zinamasuliridwa bwino, zina Chichewa chake n'chokhota, chomveka kuti pansi pake pagona Chingerezi. Komanso za ku Zambia zimalemba c pamene ife timalemba ch, monga cakudya m'malo mwa chakudya, zomwe zingasokoneze mwana amene wangoyamba kumene maphatikizo. Kulinso a Book Dash, a ku South Africa komweko, amene anayamba mu 2014. Iwo amasonkhanitsa olemba, ojambula ndi okonza mabuku ongodzipereka kuti apange buku lathunthu m'maola 12, ndipo mabuku awo ndi aulere pa intaneti. Ena mwa mabukuwo alibiretu mawu, zithunzi zokhazokha, ndiye funso la chilankhulo silikhalapo n'komwe.

Ine ndimakonda kusindikiza nkhani ziwiri kapena zitatu pamalo ojambulitsira mapepala, n'kuzisoka pakati ndi ulusi, kusiyana n'kuwerengera mwana pa foni. Pa foni uthenga wa WhatsApp umalowa nkhani ili pakati, ndipo mwana amadziwa kale kuti kuseri kwa bukulo kuli makatuni. Zikasindikizidwa zopanda mitundu musadandaule, mupatseni makrayoni apake yekha.

Pali mtundu wina wa mabuku umene ndimauzemba, ndipo ndinene poyera ngakhale ena akhumudwe. Ndi aja olembedwa kuti aphunzitse chinthu chimodzi basi, kusamba m'manja kapena kumvera makolo, momwe mwana wabwino ndi wabwino kuyambira pachikuto, woipa n'kulangidwa pa tsamba lomaliza, pansi pake n'kulembapo kuti "Phunziro." Uthenga wake ndi wabwino, koma ana amanunkhiza ulaliki patali. Kalulu wa m'nthano zathu ndi wabodza, waulesi, wakuba madzi pachitsime chimene anakana kukumba nawo, ndipo n'chifukwa chake timamukumbukira mpaka lero.

Ndatsala pang'ono kuiwala za buku long'ambika lija. Wa zaka zitatu mufunireni mabuku a masamba olimba ngati katoni, amapezeka pamilu yomweyo mukafufuza mofatsa. Kapena mupangireni lake: dulani katoni ya sopo, matanipo zithunzi za pa kalendala yakale ndi chithunzi cha agogo ake, lembani liwu limodzi pansi pa chilichonse, boolani mabowo awiri n'kumanga ndi chingwe. Koma chonde musatsekere mabukuwo m'kabati ya mbale za alendo poopa kuti aonongeka. Kwathu tinasunga mabuku ena mwaulemu wotero m'katoni pansi pa bedi, ndipo amene anawawerenga ndi chiswe. Aikeni m'dengu pamalo oti mwana afikire. Long'ambikalo musalitaye. Madzulo ano tengani selotepi, muitaneni wolakwayo agwirizire tsambalo inu mukumata, ndipo mukamaliza mufunseni akuonetseni chimene chili pakona pa chithunzicho. Mundilemberenso, ndikufuna kudziwa chimene akapezepo.