Nkhani yomwazikana pa masamba ambiri, ndiisandutse bwanji buku limodzi?

Owerenga ena andilembera imelo: "Pali nkhani yaitali yomwe ndimawerenga pa intaneti, chaputala chilichonse pa tsamba lakelake. Ndikufuna ikhale buku limodzi loti ndiziwerenga pa Kindle. Ndinayesa PDF koma zilembo zake n'zazing'ono zedi."

Vuto lagona pa PDF pomwepo. PDF imasunga tsamba momwe lilili, ndiye pa sikirini yaing'ono mumangokhalira kulikokera uku ndi uku. Inu mukufunika EPUB, mtundu wa fayilo ya mabuku owerengera pa zipangizo zamakono. M'kati mwake muli masamba a HTML omangidwa pamodzi, n'chifukwa chake mukakuza zilembo mizere imadzikonza yokha. Kuyambira 2022 Send to Kindle, njira ya Amazon yotumizira mafayilo ku Kindle, imalandira EPUB, choncho za MOBI, mtundu wakale wa mabuku a Kindle, musavutike nazo.

Ngati nkhaniyo inatha kulembedwa, ikani WebToEpub, kapulogalamu kowonjezera kosandutsa masamba a intaneti kukhala EPUB, mu Chrome kapena Firefox. Tsegulani tsamba lomwe lili ndi mndandanda wa machaputala, dinani kachizindikiro kake, ndipo ikuonetsani malinki onse omwe yapeza. Apa ndiye musapupulume. Nthawi zina imatolera ndi malinki omwe si machaputala, ndipo mawebusaiti ena amaika chaputala chatsopano pamwamba, moti mukangodina Pack EPUB osayang'ana, buku lanu liyambira kumapeto. Ikakhala webusaiti yomwe siikuidziwa, imakufunsani kuti muilozere chigawo cha tsamba chomwe chili ndi nkhaniyo. Poyamba zimaoneka zovuta, koma mukalozera bwino, zotsatsa malonda ndi mabatani zonse zimatsala kunja.

Koma ngati mlembi akadawonjezerabe machaputala, ine ndingasankhe Calibre, pulogalamu yaulere yosungira mabuku pa kompyuta yomwe Kovid Goyal anayamba mu 2006. Pitani pa Preferences, kenaka Plugins, mufufuze FanFicFare, muiike, ndipo mutseke Calibre n'kuitsegulanso. Ubwino wa FanFicFare ndi woti chaputala chatsopano chikatuluka, imangochiwonjezera m'buku lomwe muli nalo kale. Imagwira pa mawebusaiti okhawo omwe ikuwadziwa, monga Archive of Our Own, ndiye yambani mwaona mndandanda wake.

Bukulo likhale lanu lowerenga nokha. Nkhaniyo ili ndi mwini wake, ndipo kuigawa m'magulu popanda chilolezo chake n'kumulakwira. Komanso musakoke machaputala mazanamazana kamodzi, mawebusaiti ena amakutsekerani akaona choncho. Kokani pang'onopang'ono, kenaka muwalumikize ndi EpubMerge, yomwe nayonso muipeza pa Plugins mu Calibre momwemo.