Za nyumba ya ku Vilankulo ija, musatumize ndalama kaye

Achemwali, mwandikumbutsa zowawa. Munthu wa pa Facebook amene akukuuzani kuti mutumize theka la ndalama ya nyumba ya holide ya ku Vilankulo, ku Mozambique, musanafike uja, mufufuzeni mpaka mudziwe agogo ake.

Ife zinatigwera pa Khirisimasi. Tinatulukira pa Mwanza kulowa Zobue, ku Tete dzuwa likuswa mtengo, n'kukagona ku Chimoio. Mawa lake ndiye msewu wa EN1, kuchoka pa Inchope mpaka pa mlatho wa Save maenje okhaokha, ena oti tayala lonse limamira, moti maola amene Google Maps ikukuuzaniwo aiwaleni. Mu Vilankulo tinalowa kutada, ana ali ndi njala, wamng'ono atasanza pampando, apongozi anga miyendo itatupa. Kufika pageti la nyumba imene tinalipira, tikupeza magalimoto a manambala a ku South Africa, anthu akuwotcha nyama, matawulo awo ali pachingwe. Mlonda akulankhula Chipwitikizi ndi Chitswa basi. Paja ku Tete Chinyungwe mumamvanako ndi anthu, koma kumusi kuno ayi ndithu. Ndikumuonetsa risiti pafoni, iye akungopukusa mutu n'kumaloza magalimoto aja. Kumuimbira mkulu amene tinamulipira uja, foni inalira kawiri n'kuthima. Kupita pa WhatsApp, chithunzi chake chasowa, wandibuloka! Bambo a ana anangogwira chiwongolero, duu, injini ikulira. Apongozi ali kumbuyo anangoti, "Ndiye holide yake imeneyi, ana inu?" Ndinalira ine pamaso pa ana anga. Tinakaunjikana m'kachipinda kamodzi, fani yakufa, neti yong'ambika, udzudzu ukuimba usiku wonse, mtengo wake wokhoma mutu.

Kutacha tinamva kuti nyumbayo si yake n'komwe, anangotola zithunzi pa intaneti. Munthu wamkulu ndithu, wolankhula mwaulemu, "madamu musadandaule, zonse zili m'manja mwanga." Wakuba wopanda manyazi! Kudya ndalama ya chipeleganyu ya chaka chonse osatsamwa nayo. Mulungu amuone.

Ndiye musalipire kanthu musanaone nyumba, kaya ndi maso kaya pa video call. Komanso pa Disembala mukapita osasungitsa malo mugona m'galimoto, chifukwa a ku South Africa ndi ku Zimbabwe amadzaza paliponse, ndiye dipoziti lipirani msanga, koma mwiniwakeyo ayambe wayenda m'nyumbamo pa video call mukuona. Bwinonso pitani pa holide ya ana ya Ogasiti, kulibe chitungu, anamondwe kulibe (paja Freddy anayamba watera kufupi ndi Vilankulo mu Febuluwale 2023 asanatipeze kuno), ndipo mukatsikira ku gombe la Tofo anangumi amakhala akuoneka. Ife tikubwerera Disembala yomweyo, ndi pomwe abambo amapuma kuntchito.

Viza siifunika kwa ife a Malawi, koma pasipoti aliyense yake, ndi khanda lomwe. Galimoto ikhale ndi blue book, TIP (chilolezo cholowetsa galimoto kwakanthawi) ndi inshulansi ya ku Mozambique ya pabodala, matrayango awiri ndi kavesiti kowala kaja, ndipo m'matauni musapyole liwiro la 60. Tengani ma meticais m'manja, khadi si paliponse imagwira. Mankhwala a malungo musasiye.

Ku Vilankulo madzi akaphwa amathawira kutali, maboti n'kukhala pamchenga, ana amathamanga kutola zigoba mpaka kuiwala nsima, koma akamabwerera amabwera msanga, muziwayang'anira. Za boti lopita ku zilumba za Bazaruto kapena Magaruque funsani ngati mtengo waphatikiza ndalama yolowera paki, ndipo ma life jacket a ana muwaone musanakwere. Nambala ya munthu wanuyo nditumizireni ku inbox, ndione ngati si yemweyo.