Kodi Jumbe timumangire chipilala ku Nkhotakota?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina, mphunzitsi wa pulayimale ku Dwangwa. Analemba kuti: "Ndinapita ndi ana asukulu ku boma kukaona mkuyu wa Livingstone. Mwana wina anandifunsa kuti, 'Madamu, nanga amene anayambitsa tauni ino, chipilala chake chili kuti?' Ndinasowa chonena. Kodi si bwino kuti Jumbe nayenso timumangire chikumbutso chooneka bwino, monga amachitira kwa anzathu?"

Amayi, mwanayo mum'samale, ali ndi mutu. Funso lake landigonetsa mochedwa masiku angapo.

Ndiyambe ndi mawu oti "anayambitsa". Salim bin Abdallah, amene timamudziwa ndi dzina la udindo loti Jumbe, anafika kuno kuchokera ku Zanzibar m'zaka za m'ma 1840. Sanapeze tchire. Anapeza Achewa akulima, akuwedza, akuweruza milandu yawo, ndipo malo okhala anachita kupempha kwa eni nthaka, mfumu Malengachanzi ndi anthu ake. Chimene iye anachita ndi kusandutsa gombe la asodzi kukhala doko lalikulu la malonda. Anakhoma zombo zoyenda ndi matanga, anabweretsa nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga. Pamene Angoni ankathira nkhondo midzi ya kumtunda, anthu ambiri anathawira kwa mwini mfuti, mudzi nkukula mpaka mlendo uja anaposa mphamvu amene anamulandira. Dzina loti Linga limene tikuitanabe lero likukumbutsa nthawi imeneyo, pamene kugona kunja kwa mpanda kunali kuika moyo pachiswe.

Akuluakulu anati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa. Kalumo ka Jumbe kanametadi anthu bwino. Mpunga wa faya umene timanyadira, uja umanunkhira mpaka kwa aneba ukakhala pamoto, kulima kwake kunakhazikika kuno m'nthawi ya ma Jumbe. Chisilamu chinalowera padoko lomweli, pamodzi ndi luso lolemba ndi kuwerenga m'zilembo za Chiarabu, mishoni isanafike. Mukamva azana m'bandakucha ku Linga, mukumva chinthu chimene chakhala pano zaka zoposa 150, ndipo ndi chathu.

Koma kalumo komweko kanacheka anthu. Zombo zija sizinkanyamula minyanga ya njovu yokha. Zinkanyamula amuna, amayi ndi ana ogwidwa m'midzi ya kuno ndi ya kutali kumadzulo, atamangidwa magoli m'khosi. Ankawaolotsa nyanja kupita kutsidya la kum'mawa, kenako ulendo wapansi wa miyezi mpaka ku Kilwa, doko la m'dziko limene lero ndi Tanzania, kumene otsala amoyo ankagulitsidwa. Wofooka panjira ankasiyidwa pomwepo. Ndipo tisabise, mafumu ena a kwathu konkuno ankagulitsa anzawo posinthana ndi nsalu ndi mfuti. Ndikaima pamchenga paja madzulo, ndikuona ngalawa zikupita kokatchera usipa, ndimaganiza za mayi amene anayang'ana mapiri a kwawo komaliza ali m'chombo, mwana atam'landa. Dzina lake silinalembedwe paliponse. Mayina a onsewo sanalembedwe.

Ndiye yankho langa ndi ili, amayi: chiboliboli cha Jumbe choti anthu aziikapo nkhata za maluwa, ayi. Chipilala cha ulemu chimauza mwana kuti "khala ngati uyu", ndipo sindingafune kuti mwana wa m'kalasi mwanu auzidwe zimenezo za munthu amene chuma chake chinachokera m'magoli. Palinso china chimene ofuna chiboliboli amaiwala. Jumbe anali Msilamu, ndipo Asilamu ambiri savomereza zosema chifaniziro cha munthu. Tikhoza kuwononga ndalama pa chinthu chimene ngakhale zidzukulu zake sizingakondwere nacho.

Komabe kukhala chete nakonso kwatipweteka. Taonani zimene mlendo amaonetsedwa akafika pa boma. Amapita naye pa mkuyu pamene David Livingstone anakumana ndi Jumbe m'zaka za m'ma 1860 nkumudandaulira kuti aleke malonda a akapolo, pempho limene silinamveke. Amapita naye ku tchalitchi cha All Saints, kumene kunaikidwa Bishopu Chauncy Maples amene anamira m'nyanja mu 1895. Ena amakumbutsanso za msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party wa mu 1960, umene unapatsa Kamuzu Banda utsogoleri wa chipani wa moyo wake wonse. Zonsezi nzoona ndipo nzofunika. Koma mwana akazimva amatuluka ndi nkhani ya azungu awiri ndi ndale, pamene amene anamanga doko, amene anapereka malo, ndi amene anagulitsidwa padokolo angotchulidwa modutsa.

Chimene ndikufuna ine ndi chikumbutso cha kugombe, choyang'ana kum'mawa kumene zombo zinkalowera. Chikhale khoma la miyala kapena bwalo la mitengo lokhala ndi mipando, mawu ake m'Chichewa choyamba, zinenero zina pambuyo. Pakati pakhale anthu otengedwa aja. Jumbe atchulidwe ndi dzina lake lonse ndi zonse anachita, mpunga ndi magoli omwe. Atchulidwe Malengachanzi. Zilembedwenso za mmene ufumuwo unathera: Jumbe wachitatu anasainirana pangano ndi Harry Johnston, nthumwi ya boma la Britain, mu 1889, anamwalira mu 1894, ndipo wolowa m'malo mwake anachotsedwa ndi Angerezi nkutumizidwa ku Zanzibar. Boma lathu linapereka kale njira za akapolo za m'Malawi ku UNESCO, nthambi ya bungwe la United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, mu 2011 kuti ziganiziridwe kukhala malo a mbiri ya dziko lonse lapansi, ndipo Nkhotakota ili m'gulumo. Poyambira palipo.

Chondidetsa nkhawa nchimodzi. Zidzukulu za ogula, za ogulitsa ndi za ogulidwa lero zimagulitsa nsomba pa benchi imodzi mumsika, zinakwatirana, zimaikana maliro. Mawu a pakhomalo akalembedwa ndi munthu mmodzi mu ofesi ku Lilongwe, wina adzamva ngati akutukwanidwa chipembedzo chake, wina ngati agogo ake aiwalidwanso. Akhale pansi mafumu, mashehe, abusa, a m'banja la Jumbe ndi a nthambi yoona za zinthu zamakedzana, mawu aliwonse awerengedwe mokweza pabwalo asanasemedwe pamwala. Zitenge chaka kapena ziwiri, palibe kanthu.

Inu musadikire simenti. Mukadzabweranso ndi ana, mukachoka pa mkuyu mutsike nawo kunyanja, aime pamchenga, muwalozere kutsidya. Pemphani gogo mmodzi wa ku Linga ndi shehe mmodzi kuti adzawafotokozere zimene anamva kwa makolo awo, ana alembe m'makope. Makope amenewo muwasunge bwino, ndipo ngati makolo avomera, munditumizireko masamba angapo. Mwana uja anafunsa funsoli mumuuze kuti ndikudikira tsamba lake.