Adokotala ati bambo ali ndi mapointi 11, ndiye kuti basi atisiya?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa chemwali wina wokhala ku Leeds, ku England. Bambo awo a zaka 74, omwe ali ndi shuga, agonekedwa m'chipatala ndi Covid, akubanika, ndiye chemwaliyu anamva madokotala akuuzana pakhomo la wodi kuti madalawo ali ndi mapointi 11. Akuti chimvereni zimenezo tulo sakuliona, akufunsa ngati madokotala aona kale kuti bambo sachira.

Chemwali, khazikani mtima pansi kaye. Zomwe munamvazo zikufanana ndi kawerengedwe kotchedwa 4C Mortality Score, koyerekeza chiopsezo choti wodwala Covid wogonekedwa m'chipatala angamwalire, komwe gulu la akatswiri ofufuza matenda la ISARIC linapanga mu 2020 pogwiritsa ntchito mafayilo a odwala opitirira 35,000 a m'zipatala 260 za ku England, Scotland ndi Wales. Amayang'ana zinthu 8 basi, zaka za munthu, kaya ndi mwamuna kapena mkazi, matenda ena omwe ali nawo, akupuma kangati pa mphindi, okosijeni m'magazi (kaja amapana pachala kaja), ngati akutsitsimuka bwinobwino, kenako magazi awiri, urea yoonetsa mmene impso zikugwirira ntchito ndi CRP yoonetsa kutupa m'thupi. Mapointi amathera pa 21.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Zaka za pakati pa 70 ndi 79 zimapatsa mapointi 6, kukhala mwamuna 1, shuga 1, ndiye taonani afika kale pa 8 asanatsokomole n'komwe! Okosijeni akatsika pansi pa 92 onjezani 2, kupuma kukathamanga pang'ono onjezani 1, ndi 11 imeneyo. Mbali yaikulu ya nambala yomwe yakusowetsani tuloyo ndi ukalamba chabe, womwe munkaudziwa kale.

Sindikunyengererani ayi, 11 si yochepa. Pa kafukufuku uja, mwa omwe anapeza 9 mpaka 14 anamwalira pafupifupi 31 pa 100 aliwonse, omwe anafika 15 kupita m'mwamba anali pafupifupi 62 pa 100, pomwe a 3 kutsika pansi anali ngati mmodzi yekha. Koma tembenuzani 31 ujayo, ndiye kuti anthu pafupifupi 69 anapulumuka eti? Komanso amenewo anali odwala a theka loyamba la 2020, katemera kulibe, ndipo nkhani yoti mankhwala a dexamethasone amapulumutsa odwala omwe ali pa okosijeni inadziwika mu June chaka chomwecho. Bambo anu akudwala nthawi ina.

Chimene chimandinyansa ine n'choti anthu amaitenga nambalayi ngati ula. Iyo imakamba za gulu, siidziwa kuti madala anu amayenda okha kupita kutchalitchi kapena akhala chigonere chaka chonse. Ntchito yake n'kuthandiza dokotala yemwe ali ndi odwala ambirimbiri usiku umodzi kudziwa woti amuyang'anitsitse, woti amusendeze pafupi ndi ICU (chipinda cha odwala mwakayakaya), basi.

Mawa mukapita musafunsenso za 11. Funsani kuti okosijeni akuwapatsa malita angati ndipo poyerekeza ndi dzulo akwera kapena atsika, impso zili bwanji, shuga akuyenda bwanji poti dexamethasone amamukweza. Muziwayang'ananso nokha, akukuzindikirani? Akutha kumaliza chiganizo osapumira pakati? Mukaona ayamba kusokonekera mutu kapena akungogona osadzuka bwino, itanani nesi pompo, musadikire kuti adokotala abwere m'mawa.